Lamba wa Bulauni wa Tsabola

Dzina loti Tsabola mwanayo analitenga akadali kumsana, chifukwa anali wochepa thupi koma akayamba kulira nyumba yonse inkayetsemula. Dzinalo linamukakamira mpaka ku sekondale, ndipo linameza ndi maina a makolo omwe. Munthu wowotcherera mageti ndi zitsulo za m'mawindo pafupi ndi siteji ya basi aliyense ankangomudziwa kuti bambo a Tsabola.

Tsiku lina mtsikanayo anabwera kuchokera kusukulu bulauzi itathothoka mabatani, chikwama atachikumbatira pachifuwa chifukwa chogwirira chinali chitaduka. Anyamata ena anamutsekera njira kuseri kwa sitolo ya matayala n'kumamukankhakankha, akufuna foni. Sanamuvulaze, ndipo foniyo sanaipeze poti inali kunyumba. Koma bambo ake anakhala masiku mzere wowotcherera ukutuluka wokhotakhota ngati njira ya chidakwa. Ntchito yawo inali yotchinga nyumba za anthu ndi chitsulo, koma mwana wawo sakanamupangira geti yoti aziyenda nayo.

Ndiye ataona chikwangwani cha sukulu ya karate pamwamba pa shopu ya mafoni, sanafunse munthu. Anamugwira mwana dzanja n'kukwera naye masitepe.

Mkatimo munali mokongola moti anayamba kuchita manyazi ndi ovolosi yawo. Khoma lonse linali galasi lokhalokha, pansi atayala matiresi a buluu, pashelefu zikho zili waliwali. Pakhomo panali desiki ndi mtsikana womwetulira. Mwini sukuluyo, amene ana onse ankamutcha a Masta, anatuluka atavala zoyera mbee, lamba wakuda ali m'chiuno.

"Mwafika pamalo pake, bambo," anatero a Masta atamva nkhani ya anyamata aja. "Tipatseni mwanayu. Pomatha zaka ziwiri palibe adzamuloze chala."

Mawu amenewo bambo a Tsabola anawameza ngati mankhwala.

Fizi ya pamwezi inali yoluma koma yopiririka. Zomwe sanazione ndi zimene zinabisala kumbuyo kwake. Yunifolomu inkayenera kugulidwa pomwepo, chifukwa ya kumsika ilibe chizindikiro cha sukulu kumsana. Kenako kunabwera magolovesi, chipewa chotchinjiriza mutu, ndi chikwama chonyamulira zonsezo. Ndiye panali mayeso a malamba. Pakangopita miyezi pang'ono, mtsikana wa padesiki uja ankawaimitsa pakhomo.

"Bambo, zabwino zonse. Mwana wanu wasankhidwa kuti ayesedwe."

Kusankhidwako kunali ndi mtengo wake, lamba watsopanoyo mtengo wakenso, satifiketi nayo sinkabwera yokha. Lamba woyera anachoka, kunabwera wachikasu, wa olenji, wobiriwira, wa buluu. Nthawi zina sukuluyo inkachita chionetsero cha makolo. Ana ankakuwa pamodzi, kuponya miyendo m'mwamba, kuthyola timatabwa, ndipo aliyense ankapita kwawo ndi mendulo pakhosi. Bambo a Tsabola ankaomba m'manja mpaka zikhatho kutentha, mawa lake n'kumaonetsa zithunzi kwa aliyense wobwera kudzafunsa mtengo wa geti.

Mlamu wawo, mchimwene wa mayi a Tsabola, anali dalaivala wa takisi, munthu wosasunga mawu pakamwa.

"Alamu, malamba a mwana wathuyu akubwera mothinana kuposa maminibasi a m'mawa. Ine laisensi yokha inanditulutsa imvi."

"Inu mutu ndi wouma, alamu. Uyu watengera bambo ake."

Ankaseka, koma m'thumba munkaphwa. Bambo a Tsabola anayamba kutsegula shopu yawo ngakhale Lamlungu, akuti ntchito yachuluka.

Tsabola atavala lamba wa bulauni, mtsikana wa padesiki anawapatsa mpando, chinthu chomwe sankachita kale. Anawafotokozera kuti lamba wakuda ali ndi dongosolo lakelake: kalasi yapadera, yunifolomu ina, ndipo fizi ya chaka chonse imalipidwa pakamodzi. Bambo a Tsabola anatsika masitepe aja mutu ukuwira. Pofika ku shopu anali ataganiza kale zogulitsa jenereta.

Anawauza akazi awo m'mawa, iwo akusita yunifolomu yawo ya kusupamaketi kumene ankagwira ntchito pa tilu. Simbi inaima m'mwamba.

"Jenereta? Bambo a Tsabola, magetsi akathima muziwotcherera ndi chiyani, malovu?"

"Ndizidikira abwere."

"Makasitomala nawonso azidikira?"

"Tawoloka kale mtsinje, kwatsala mkono umodzi. Tibwerere?"

"Mwamufunsa mwini wakeyo?"

"Kumufunsa chiyani? Mwana sasuzumira m'thumba mwa bambo ake."

Mayi a Tsabola anangopukusa mutu n'kupitiriza kusita. Wogula anapezeka, mnzawo wina wokonza mafiriji, ndipo anagwirizana kuti adzatenge jeneretayo mwezi ukatha.

Masiku omwewo bambo a Tsabola anaona chipepala chomata pa siteji ya basi. Kunali mpikisano wa karate wa masukulu osiyanasiyana, wolowa aliyense. Anaganiza za mlamu wawo ndi pakamwa pake paja, mtima n'kuwauza kuti mpata ndi umenewu. Anakalembetsa mwana asanamuuze.

Tsabola atamva anasiya kutafuna.

"Adadi, a Masta salola kuti tizipita kumipikisano ya kunja."

"Akuopa kuti mungavulaze ana a eni. Iwe ukangomenya pang'ono."

Mtsikanayo anangoyang'ana m'mbale. Bambo ake anayesa ndi kudzichepetsa.

Mpikisanowo unachitikira mu holo ya sukulu ina ya sekondale, Loweruka masana. Mipando inali ya pulasitiki, matiresi obwereka, olumikiza ndi tepi. Ana ankawaphatikiza poyang'ana msinkhu ndi kulemera kwa thupi, ndiye Tsabola anamuika ndi mtsikana wina wa lamba wobiriwira wosuluka, buluku likumulekeza pamwamba pa akakolo.

"Mwana wa eniyu ndikumumvera chisoni," bambo a Tsabola ananong'oneza mlamu wawo.

Powerama, Tsabola anawerama bwino kuposa aliyense mu holomo. Refa atatsitsa dzanja, anaima mmene ankaimira pagalasi paja, n'kukuwa mwamphamvu. Mnzakeyo sanakuwe. Anangosendera, akudumphadumpha pang'ono, n'kuponya kankhonya kongoyesera. Apo bambo a Tsabola anaona chinthu chimene sanachionepo pa zionetsero zija. Mwana wawo anatsinzina, n'kukweza manja onse kumaso ngati akuthawa njuchi. Phazi la mnzake linalowa pansi pa nthiti, phi! Tsabola anapindika n'kugwa cham'mbali.

Sanalire, ndipo chimenecho ndicho chinawaopsa. Anagona kukamwa kuli yasa, maso ali tong'o, mpweya osalowa.

Mmene anadutsira mipando ija bambo a Tsabola sanadziwe. Anangomva ikugwa kumbuyo kwawo, ndi mawu a akazi awo akuitana dzina la mwana. Koma wina anali atafika kale, mayi wa imvi wovala thilakisuti, mphunzitsi wa mtsikana wa lamba wobiriwira uja, amene ana ake ankamutcha a Kochi. Anamudzutsa Tsabola n'kumukhazika, anamumasula lamba, dzanja lina lili pamsana.

"Mpweya wangothawa, ubwera. Usalimbane nawo. Yang'ana ine. Eya, pang'onopang'ono."

Kenako Tsabola anakoka mpweya ngati munthu wovuuka m'madzi, anatsokomola, n'kuyamba kulira. Kulira kumeneko bambo ake anakumva kukoma kuposa nyimbo iliyonse. Anangokhala pansi pa matiresi pomwepo, nsapato zili kuphazi.

Mtsikana wa lamba wobiriwira uja nayenso anali kulira. "Ndimayesa atchinga," ankangobwereza. "Sindinamenye mwamphamvu, ndimayesa atchinga."

A Kochi anawakokera bambo a Tsabola pambali n'kuwafunsa motsitsa mawu, "Mwanayu pophunzira anayamba walimbanapo ndi munthu woti akumubwezera?"

"Ali ndi lamba wa bulauni."

"Lamba ndamuona, bambo. Pitani naye kuchipatala akamuone nthiti, kuti mitima ikhale pansi."

Mlamu uja anayendetsa takisi osalankhula kanthu njira yonse, zomwe sizinachitikepo chikwatiwireni mlongo wake. Kuchipatala anamudina Tsabola uku ndi uku, anamujambula, ndipo dokotala anati palibe chathyoka, kungoti pawawa masiku angapo. Atatuluka anakhala pa benchi panja, podikira mlamu amene anapita kukagula zakumwa. Mayi a Tsabola anamupukuta mwana kumaso ndi mpango wawo.

"Adadi, pepani," anatero Tsabola. "Ndakuchititsani manyazi."

"Manyazi ati? Iwe uzingopuma basi. Ine lero sindikufuna china."

Mtsikanayo anapotokola lamba uja m'manja, kenako zonse zinatuluka pakamodzi.

"Kuja sitilimbana, adadi. Timamenya mphepo, nthawi zina pilo amene mnzako wagwirizira. Magolovesi aja ndinawavala pojambulitsa pokha. Timatabwa tija n'topyapyala, ngakhale amayi atha kuthyola."

"Ngakhale ine?" anatero mayi ake. "Wandiyesa chiyani iwe?"

"Ndipo mayeso palibe amalephera. Tsiku lomwe ndinatenga wa buluu, mwana wina anaiwala zonse, anangoima n'kumalira. Anamupatsabe. Ine ndinadziwa tsiku limenelo."

"Nanga osanena bwanji?" anafunsa bambo ake.

"Ndikananena bwanji? Ndinkakuonani mukupita ku shopu Lamlungu, mukubwera maso ali psuu. Ndinkakuonani mukuonetsa anthu zithunzi zanga. Ndinkati ndikanena, ndiye kuti zonse munazitaya m'madzi, ndipo mundiyang'ana bwanji? Ndinangoti ndipirire mpaka wakudayo, zithe." Anapukuta mphuno. "Njira ya kumatayala ija ndinaisiya kalekale. Ndimazungulira ku msewu waukulu ndi anzanga."

Bambo a Tsabola anayembekezera kuti mkwiyo ubwera, koma chomwe chinabwera ndi china. Anamva ngati wina wawatula chitsulo cholemera chimene anachisenza nthawi yaitali mpaka kuiwala kuti chili paphewa.

"Muuzeni za jenereta," anatero akazi awo.

"Mayi a Tsabola..."

"Muuzeni, kapena ndinene ndine."

Anakanda pamutu. "Ndimafuna kuigulitsa. Ya lamba wakudayo."

Tsabola anawayang'ana maso ali tuzu. "Jenereta? Adadi! Chifukwa cha lamba amene ine sindikumufuna n'komwe?"

"Inu kupirira kuti mwana asakhumudwe, mwana kupirira kuti inu musakhumudwe," anatero mayi ake. "Ine pakati ndikungosita mayunifolomu. Anthu inu munapezana."

Anayamba kuseka ndi mayiwo, bambo n'kutsatira, kenako Tsabola, atagwira nthiti, akudandaula kuti asamuseketse. Mlamu anawapeza ali choncho, mabotolo ali m'manja, ndipo anaima n'kuyang'ana khomo la chipatala ngati akukayika kuti walakwitsa malo.

"Ndinasiya maliro, ndapeza ukwati. Chachitika n'chiyani?"

"Chikomekome cha mkuyu, alamu," anatero bambo a Tsabola akupukuta misozi ya kuseka. "Munanena. Lero lokha ndikulolani, nenani zonse."

"Ayi, ndisunga. Ndizikupatsani pang'onopang'ono ngati mankhwala a chifuwa."

Panatsala chinthu chimodzi chowadetsa nkhawa. Polembetsa paja anauzidwa kuti wofuna kusiya amayenera kulipira miyezi ingapo ya chenjezo. Lolemba masana anavula ovolosi, anavala shati ya kolala, n'kukwera masitepe aja akukonza mawu okhadzula m'mutu. Ana anali asanafike. Mtsikana wa padesiki kunalibe, ndipo anapeza a Masta atavala kabudula ndi malaya wamba, akukolopa matiresi okha. Popanda zoyera zija ankaoneka munthu wotopa ngati wina aliyense.

"Ndamva za Loweruka," anayamba a Masta. "Mwana ali bwanji?"

"Ali moyo. Munandiuza kuti palibe adzamuloze chala."

A Masta anatsamira mopu.

"Nditangotsegula kuno ndinkaphunzitsa mmene anandiphunzitsira ine," anatero pomaliza. "Mwana mmodzi akapita kwawo mlomo utatupa, makolo a anzake ankachotsa ana awo. Ndikamugwetsa mwana mayeso, mwezi wotsatira sankabweranso. Koma mwini nyumba ino mwezi ukatha amabwera, sajomba. Ndiye ndinayamba kupereka zomwe anthu amaombera m'manja."

"Ine sindinabwere kudzagula za m'manja. Ndinakuuzani chomwe chinandibweretsa."

"Munandiuza."

"Mukanangonena kuti kuno ndi kolimbitsa thupi ndi kusangalatsa ana, ndikanadziwa chochita. Mwana wanga akanakumana ndi anyamata aja akudalira lamba wanuyu, bwenzi lero tikukamba zina."

A Masta anayang'ana pansi. Sanatsutse, komanso sanapepese. Anangoti, "Za chenjezo zisiyeni. Mwana wasiya lero, palibe chomwe ndikufunseni."

Zomwe zinapita zinapita, palibe anatchula zobweza, ndipo bambo a Tsabola sanazifunse. Potsika masitepe anadabwa kuti mawu okhadzula aja atsala osagwira ntchito, koma sanawadandaule. Atafika pansi anaimbira foni mnzawo wa mafiriji uja.

"Achimwene, jenereta ija sindigulitsanso."

"Mwapeza wokwera mtengo?"

"Ayi, ndapeza nzeru. Zachedwa, koma zafika."

Bambo a Tsabola ankayesa kuti nkhani ya karate yathera pomwepo. Koma nthiti zitapola, Tsabola anabwera ku shopu akuchokera kusukulu, anaima patali ndi moto mpaka bambo ake atakweza chigoba cha kumaso.

"Adadi, mtsikana anandimenya uja ndakumana naye. Akuti a Kochi amaphunzitsa mu holo ya kuseri kwa laibulale. Ndikufuna ndikayese."

"Sunakhute?"

"Ndikufuna ndidziwe mmene anachitira."

Ulendo uno bambo a Tsabola sanathamange. Anapita kaye okha, kangapo, kukangokhala pa benchi n'kumaonerera. Malowo sanali oti munthu angajambulitsepo. Denga linkadontha pakona, posinthira zovala panali kuseri kwa katani, ndipo a Kochi anali ndi pakamwa powawa, samanyengerera mwana. Koma ana ankalimbana awiriawiri, atavala zotchinjiriza, mayiwo ali pomwepo kuwaimitsa ndi kuwakonza. Bambo a Tsabola anafunsa zonse zimene sanafunse koyamba kuja: fizi ndi zingati, mayeso amabwera liti, kodi alipo amalephera, nanga wofuna kusiya amatani.

"Amalephera ambiri," anatero a Kochi. "Wosiya amangosiya. Yunifolomu abwere ndi yomwe ali nayo. Koma ndikuuziranitu, ayambira lamba woyera, ndipo sindikulonjezani kuti sadzamenyedwa mumsewu. Amene angakulonjezeni zimenezo akukunamizani. Choyamba ndimawaphunzitsa kuthawa."

Chodabwitsa n'chakuti mawu opanda lonjezowo ndi amene anawakhazika mtima pansi.

Tsabola anayamba. Ankabwera thukuta lili kamukamu, njala ngati ya dzombe, tsiku lina ndi mkwingwirima wakuda pamkono umene mayi ake anaukalipira mpaka chakudya kuzizira. Nkhawa ya bambo ake sinathe yonse. Nthawi yoweruka kusukulu ikakwana ankazimitsabe makina n'kusuzumira kumsewu mpaka aone gulu la atsikana lija likutulukira. Koma ankati akaliona, ankabwerera ku ntchito akuimba kamluzu.

Patapita miyezi, mlamu uja anabwera kudzacheza masana ena. Anamupeza Tsabola pakhonde akuchapa yunifolomu m'beseni, ndipo anavula jekete n'kuima pabwalo atakunga zibakera.

"Tabwera mphwanga, undionetse zatsopanozo. Undigwetse ngati ungathe."

"Sindinafike pamenepo, malume. Panopa ndikuphunzira kugwa."

"Kugwa? Alamu, tamvani izi! Mukulipira kuti mwana aphunzire kugwa? Ine ndimagwa ulere!"

Pofuna kutsimikiza, anaponya mwendo m'mwamba mmene amaonera m'mafilimu. Phazi linalo linaponda madzi a sopo amene anatayikira pa simenti, ndipo dalaivala yense anakhala pansi, khu! Mayi a Tsabola anatuluka m'khitchini akuthamanga, chipande chili m'manja. Tsabola anapukuta manja pa siketi, anapita kukawadzutsa malume ake, n'kuwauza mwaulemu kuti ulendo wina azipinda chibwano ndi kumenya pansi ndi dzanja. Bambo a Tsabola, amene anali pampando ndi kapu ya tiyi, anaseka mpaka tiyi kuwatayikira pa buluku, ndipo anachita kuika kapuyo pansi kuti aseke bwino.